Kwa Zione, Amene Akukalembanso Mayeso a Netiweki

Limbuli, Mulanje

Zione mwana wanga,

Ndikulemba masana ano, iwe utapita ku Milonde kukatsanzika agogo ako. Tebulo lako lowerengera ndalitulutsa pakhonde chifukwa chiperoni chadetsa m'nyumba, ndipo ndakhala pampando wako. Umandidziwa. Ndikafuna kunena zinthu zenizeni pakamwa pamandiuma, ndimangothera kukufunsa ngati waika sopo ndi mafuta odzola m'chikwama. Ndiye ndati bola ndilembe. Kalatayi ndiilowetsa m'thumba la laputopu, ukaipeza ukafika kwa azakhali ako ku Zingwangwa. Usaiwerengere m'minibasi.

Ntchito imene ukukaphunzirayi sindiidziwa bwino, ngakhale yakhala nafe m'nyumba muno chaka chathunthu. Anthu akandifunsa kumsika ndimangobwereza zomwe unandiuza, kuti umalumikiza makompyuta a m'maofesi kuti azitumizirana zinthu, ndipo netiweki ikasokonekera ndiwe wofufuza pamene pavuta. Ndikudziwanso kuti a kampani imene yakutengayo anena mosabisa. Ukaphunzira ntchito miyezi yochepa, ukakhoza mayeso n'kupeza setifiketi akusunga, ukalephera malowo apatsa wina. Pamayeso amenewa sindingakuthandize ndi yankho ngakhale limodzi. Chimene ndili nacho ndi malo amene ine ndinapunthwa, ndipo ndikuuza amenewo.

Usakawerenge wekha monga wachitira kuno. Miyezi yonse ija unkatseka chitseko, zomvera m'makutu, maso pa laputopu, kumvetsera mphunzitsi wa pa intaneti amene sadziwa ngakhale dzina lako. Foni ikalumpha n'kugwira netiweki ya ku Mozambique, unkanyamuka kupita pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, n'kukhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinkabwera kuchokera kumsika, n'kutula mtolo wa makapulana, zitenje zija ndimagulitsa, n'kuima pakhomo pa chipinda chako. Ndinkamva mabatani akulira. Ndinkakweza dzanja kuti ndigogode, kenako n'kulitsitsa, poopa kukusokoneza. Chimwalirireni bambo ako nyumba ino imangokhala zii, koma zii wa chaka chino anali wamtundu wina, chifukwa munthu anali momwemo.

Amene anandidzutsa ndi Abiti Juma, mnzanga uja wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi benchi langa. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Mwana wanu uja aliko? Sitikumuona ngakhale kumaliro." Ndinati ukuwerenga. Iwo anati, "Kuwerenga n'kwabwino, koma muzimulowera m'chipindamo. Asazolowere kukhala yekha." Madzulo ake ndinalowa osagogoda. Unandiyang'ana ngati mlendo, kenako unatola timakadi tija unadula ku katoni ya sopo, funso kutsogolo yankho kumbuyo, n'kunena kuti, "Poti mwabwera, amayi, muzindifunsa." Chingerezi changa cha Sitandade 8 chinakumana ndi mawu oti sichinawaonepo. Nditatchula kuti "sabuneti" unagwa ndi phwete, n'kuti, "Mwatchula bwino, kungoti mwatchula ngati mankhwala a mbozi za m'chimanga." Koma ukumbukire chimene chinachitika pambuyo pake. Ndinakufunsa kuti chinthucho n'chiyani kwenikweni. Unayamba kundifotokozera m'Chichewa kuti kompyuta iliyonse ili ndi nambala yake ngati nyumba, ndipo nyumbazo amazigawa m'midzi. Utafika pakati unaima, n'kuti, "Dikirani. Apa ineyo sindinamvetse." Unabwerera ku buku. Ngati ine wogulitsa nsalu ndinakupezera pobooka, kuli bwanji anzako odziwa ntchitoyo? Ukafika, funafuna awiri kapena atatu amene akukonzekera mayeso omwewo. Muzikhala pamodzi, muzifotokozerana mokweza. Usakawerenge wekha, Zione.

Ndili mtsikana wocheperapo kuposa iwe, malume anga ananditengera ku Ndirande kukaphunzira kusoka kwa mayi wina amene anali ndi makina angapo pakhonde. Nkhani iyi umangoidziwa pamwamba. Atsikana anzanga onse anali obadwira m'tauni. Ndikatsegula pakamwa ankatsinana, amati Chichewa changa chikununkha kalongonda, nyemba zija timadya ife Alomwe. Ndiye ndinatseka pakamwa. Mayi aja akafotokoza chinthu n'kufunsa kuti tamva, ine ndinkagwedeza mutu msanga kuposa onse. Makina amene anandipatsa anali ndi vuto, ulusi wa pansi unkakolana. Sindinanene. Ndinkasoka, kumasula mobisa, kusokanso, kumasulanso, mpaka nsalu kutopa. Tsiku lina anandipatsa diresi la woperekeza mkwati, nsalu yoterera yodula. Ndinaimasula kambirimbiri mpaka inabooka timabowo mumsoko monse. Mayi aja ataona sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Zayamba liti?" Ndinati kalekale. Anatulutsa kachitsulo kamene mumakhala ulusi wa pansi, n'kupotokola pang'ono kasikuluwu kamodzi ndi nsonga ya mpeni. Makina anayamba kuyenda bwinobwino. Anati, "Nsalu ya mwini wake yafera kanthu aka. Ukanangonena."

Iwenso ukupita ndi vuto lofanana. Marauta ndi maswitchi, mabokosi olumikizira makompyuta aja, amene wakhala ukuwalumikiza kuno ndi zithunzi za pa laputopu. Unandiuza wekha kuti enieniwo unangowagwirako kusukulu, ndipo munali ambiri pa chimodzi. Kumeneko akakupatsa bokosi lenileni, lotentha, la mawaya ambirimbiri, la ofesi ya anthu amene akudikira kuti agwire ntchito. Ambiri amene ukagwire nawo ndi amuna. Ena akaseka kuti wachokera kumalire, ena akaseka kuti ndiwe mkazi. Asiye aseke, koma iwe funsa. Ukapanda kumvetsa, nena kuti sunamvetse, pomwepo, asanachoke. Usagwedeze mutu pa chinthu chimene sichinalowe. Manyazi a kufunsa amatha tsiku lomwelo. Diresi lija mpaka lero ndimaliona m'maso mwanga.

Tsopano za ulendo woyamba uja umene unakalemba mayeso omwewa. Sindikuzikumba kuti ndikupweteke. Unabwera kuchokera ku Blantyre dzuwa likulowa, unatsika pa kabaza, n'kunena kuti zotsatira zituluka mtsogolo. Ndinakukhulupirira. Ndinakuphera nkhuku, unangodyako phiko. Patapita masiku tinali pamkeka tikusenda nandolo, ndipo unalankhula osandiyang'ana. Unati, "Amayi, mayeso aja zotsatira zake zimatuluka pomwepo, munthu ukangomaliza. Ndinalephera." Ndinati ndamva. Tinapitiriza kusenda. Kenako unati, "Ndinaloweza mafunso amene anthu ankatumizirana pa foni, amati ndi omwe amabwera. Ena anabweradi. Koma pena anandipatsa netiweki yowonongeka kuti ndiikonze, ndipo ndinangoti kakasi."

Ndinakumvetsa kuposa momwe unkaganizira. Ku Ndirande kuja ndinaloweza kadulidwe ka diresi limodzi, la mtsikana wa thupi ngati langa. Ndinkalidula bwino kwambiri moti ndinkadziona ngati telala. Kenako kunabwera mayi wina wamfupi, wa mapewa aakulu, ndipo ndinaima ndi sizasi m'manja osadziwa poyambira. Ndinkadziwa kuti apa timadula chonchi, koma sindinkadziwa chifukwa chake. Ndiye anthu a mafunso olowezawo akakupezanso, poti ku tauni ndiye achuluka, uwakane. Akakuuza kuti aliyense amatero, kuti ukutaya nthawi. Uwakane. Setifiketi ingakulowetse pakhomo, koma tsiku limene netiweki ya ofesi yonse yazima n'kuitana iwe, m'chipindamo mudzakhala iwe ndi zimene ukuzidziwadi. Uziwononga dala netiweki pa laputopu yako n'kuikonza, monga wakhala ukuchitira chilepherereni. Njira imeneyo ndi yochedwa, koma ndaona nkhope yako ikusintha chiyambire kuitsata.

Chimene chinandiwawa pa nkhani ija si kulephera. Ndi masiku amene unasenza wekha katunduyo, ukugona chipinda choyandikana ndi changa. Ndipo ndikudziwa kumene unaphunzira zimenezo. Unaona zimene zinachitika ndi mchimwene wako Maliko. Atapita ku Joni ankaimba pafupipafupi, nthawi zina kungofuna kumva ngati mvula yagwa. Tsiku lina anaimba mawu ali pansi, n'kuti, "Amayi, ntchito ija yatha." Ine m'malo momufunsa ngati wadya, ndinayamba kumuuza za mwana wa oyandikana nafe amene anapita naye limodzi, kuti wakhoma kale malata kwawo. Ndinkaganiza kuti ndikumulimbikitsa. Anangoti, "Chabwino, amayi," n'kudula. Kuyambira pamenepo Maliko amaimba pokhapokha zikamuyendera, ndipo ukudziwa wekha kuti foni yochokera kwa iye imalira mwa apo ndi apo. Akakhala chete ndimadziwa kuti zavuta, koma sindidziwa kuti zavuta bwanji, wagona pati, wadwala kapena ayi. Ndimangoyang'ana foni ili pawindo.

Zione, usandichite zimenezo. Ndinaphunzira. Ukaimba kuti walakwitsa kuntchito ndipo abwana akukalipira pamaso pa anthu, sindikuuza za mwana wa munthu wina. Ukaimba kuti mutu wina wakukanika, ndikumvetsera ngakhale ndisamve kanthu. Nkhani zabwino zingadikire, uzibwera nazo pa Khirisimasi. Zoipazo ndi zimene ndikufuna uzindiuza zikadali zotentha. Ndipo ngati mchimwene wako akuyankha iwe mosavuta kuposa ine, uzimulembera. Usamuuze kuti ndakutuma. Ungomufunsa ngati wadya.

Kwa azakhali ako ukakhale ngati mwana wa pakhomopo, osati mlendo wodikira kuitanidwa. Nyumba yawo ndi yaing'ono ndipo ana ndi ambiri, wailesi yakanema simazima. Usakwiye ndi phokoso, walipeza. Uwapemphe mwaulemu kangodya kako ndi nthawi yako, ndipo iwe uyambe ndi kutsuka mbale usanatsegule laputopu. Azakhali ako ndi mlongo wa bambo ako, ali ndi mtima wabwino ndi lilime lakuthwa. Akakuona utavala thalauzi adzanena, ndikuwadziwa. Uwafotokozere modekha kuti ntchito yako ndi yokwera makwerero ndi kukwawa kudenga kukoka mawaya. Akapitiriza, uwauze kuti mathalauziwo asoka ndi amayi ako. N'zoona. Ali pansi pa chikwama, awiri, a nsalu yolimba ya kaki. Ndinabwereka makina kwa telala wa pakhonde la golosale iwe uli pachulu. Matumba ndakulitsa dala kuti muzilowa kopanira mawaya kako kaja. Msoko wina wapindika pang'ono chakumwendo, manja anaiwala, koma sung'ambika.

Uzidya. Ndakuona ukuiwala chakudya chifukwa cha manambala, mpaka mbale kuzizira pambali pa buku. Kumeneko palibe amene adzaima pakhomo kukukumbutsa. Ndaika makaka ndi nandolo wouma m'kathumba, upatse azakhali ako, usafike chimanjamanja. Uzigona nthawi yabwino, mutu wotopa sugwira kanthu. Za amuna sindichulukitsa, ndiwe wamkulu. Ndingoti amene akufuna kukuphunzitsa akuphunzitse pamene pali anthu, masana, chitseko chili chotsegula. Akayamba kunena kuti kwawo kuli zipangizo zabwino zophunzirira, umuthokoze, utenge chikwama chako. Lamulungu uzipita kutchalitchi ngakhale mayeso atayandikira, ukhale pakati pa anthu oimba. Zimathandiza.

Chatsala ndi chimene chandikhalitsa pansi kulemba. Kusoka kuja sindinamalize. Anthu amadziwa kuti ndinabwerera chifukwa agogo ako anadwala, ndipo anadwaladi malungo. Koma uthenga utafika ku Ndirande unanena kuti ayamba kupeza bwino. Malume anati ndidikire, mayeso a utelala anali pafupi. Ine ndinalira mpaka anandikweza basi. Zoona zake n'zakuti ndinali nditatopa ndi kusungulumwa. Ndinkasowa phiri lathu m'mawa, ndinkasowa munthu wondilankhula Chilomwe. Malungo aja anangondipatsa chifukwa chomveka bwino pamaso pa anthu. Nditafika ndinapeza agogo ako ali kumunda akupalira chinangwa. Anaweramuka, n'kundiyang'ana ine ndi chikwama changa, n'kufunsa kuti, "Wabwera kudzatani?" Ndinati ndibwerera mwezi wamawa. Mwezi unatha, mvula inagwa, ndinakumana ndi bambo ako akuyendetsa thirakitala ku esiteti ya tiyi, ndipo moyo unapita njira ina. Sindidandaula za bambo ako, kapena za inu ana anga. Koma ndimagulitsa nsalu zoti akasoke ena, ndipo pena ndikamayeza kapulana pamkono ndimaona diresi limene likanatulukamo.

Kusungulumwa kumeneko kukupeza nawenso. Sikubwera sabata yoyamba, pamene zonse n'zachilendo. Kumabwera pambuyo pake, tsiku wamba, mwina uli pa mzere wa minibasi ku Limbe, n'kumva kondakitala akuitanira za kwathu ku Muloza. Miyendo idzafuna kukwera yokha. Ndipo mtima udzakupatsa chifukwa chabwino, udzati amayi ali okha. Ndikukupempha, usandisandutse chifukwa chako. Ndikadwala chimfine, usabwere. Denga likadontha, alipo anthu okhoma. Ngati patachitika chachikulu choti ubwere, Abiti Juma adzakuimbira okha, tagwirizana kale, ndipo ukudziwa kuti mayi aja sanamiza munthu. Ukapanda kumva kwa iwo, khala pomwepo, werenga.

Sindikunamiza kuti kuno kukhala bwinobwino. Ndisungulumwa. Ndazolowera kuphika za awiri, ndipo ndikudziwa kuti masiku oyamba ndizilakwitsa muyeso. Ndizidzuka n'kuyenda monyang'ama pakhomo pa chipinda chako, kuiwala kuti mulibe woti ndimusokoneze. Madzulo amatalika munthu ukakhala wekha, makamaka nyengo ino yozizira, pamene phiri limabisala tsiku lonse ndipo anthu amalowa m'nyumba msanga. Bambo ako atamwalira ndinali ndi inu awiri. Maliko atapita ndinali ndi iwe. Ulendo uno ndiyamba kuphunzira kukhala ndekha, ndili ndi imvi kale. Koma katundu ameneyu ndi wanga, Zione. Ndakuuza kuti usamaganize kuti ndikubisira kanthu, osati kuti umusenze. Amayi a kwaya akhala akundiitana kuyambira kalekale, ndipo ndawauza kuti ndiyamba Lachinayi likubwerali. Mawu anga ndi okalamba, koma akuti kumbuyo kuli malo.

Tsiku la mayeso likadzafika, udzadye m'mawa. Udzafike msanga, ukhale pansi, upume. Funso lililonse udzaliwerenge mpaka kumapeto, chifukwa iwe uli ndi mtima wa bambo ako wothamangira kuyankha munthu asanamalize. Likakukanika limodzi usafere pomwepo, ena akukudikira kutsogolo. Ukadzadina batani lomaliza lija, chilichonse chimene chidzatuluke pagalasipo, udzatuluke panja, upeze pamthunzi, undiimbire. Usadikire kufika kunyumba, usakonze mawu. Ukadzakhoza ndidzatseka benchi tsiku limenelo. Ukadzalephera udzakhalabe mwana wanga amene anayesa kawiri chinthu chimene m'mudzi muno palibe anachiyesapo, ndipo tidzakhala pansi n'kuona chochita. Kampaniyo ingapatse wina malo ako. Kuno malo ako palibe wowatenga.

Mawa ndikuperekeza mpaka pa siteji. Chikwama chachikulu ndisenza ine, usalimbane nane pamsewu. Ndiima pawindo mpaka minibasi idzaze, mwina ndikuuza zopanda pake, za sopo ndi mafuta. Koma dalaivala akangoliza injini, ine nditembenuka n'kumapita kumsika, osacheuka, osakweza dzanja. Pamene ukuwerenga kalatayi udzakhala utaziona kale zimenezo, ndipo mwina zakuwawa njira yonse. Usaganize kuti amayi ako anali pachangu. Ndimadziwa nkhope yanga. Ukanaiona ukanatsika.

Mulungu amene anakusunga uli m'mimba mwanga akusunge m'misewu imene ine sindinaiyende.

Ndine mayi ako,
Nelesi